Mabotolo a alamu anga ndi mapazi a bambo

Kuno ku Kasungu ndalama ili ndi nyengo yake ngati mango. Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukangotsegulidwa, anthu amene simunawaone chaka chonse amayamba kukumbukira njira ya kwanu. Amabwera ogulitsa malata, ogulitsa njinga zamoto, ena atasenza masola pamutu. Zaka zino kwawonjezekera gulu lina, la anthu ogulitsa thanzi. Iwowa savala ngati mavenda ayi. Amabwera atatchena, nsapato zopolisha, chikwama m'manja, ndipo asanatulutse katundu amayamba akufunsani mmene mwagonera.

Kwathu wogulitsa thanziyo sanachokere kutali. Anali alamu anga enieni, amuna a mng'ono wanga.

Bambo anga ndi mlimi wa fodya cha kumbali ya Santhe, ndipo zaka zawo zapitirira 65. Matenda a shuga anawapeza nawo zaka 8 zapitazo. Woyamba kuzindikira kuti china chake chalakwika anali amayi, amene anaona kuti usiku bambo akutuluka kanayi kapena kasanu kukataya madzi, ndipo m'mawa pamalo pomwepo pamakhala nyerere zitachita bii. Ludzu silinkawatha. Nsima ankadya mitanda yomweyo ya masiku onse koma thupi likungopita. Kumudzi anthu anali atayamba kale kunong'onezana za matenda ena aja, enanso akuti ndi za anthu, chifukwa chaka chimenecho fodya wawo anali atachita bwino kuposa wa anzawo. Kuchipatala anangowabaya kachala, nkhani yonse nkudziwika.

Anawapatsa metformin, mapiritsi oyera aja amene pafupifupi aliyense wa shuga wa akuluakulu amayamba nawo. Ndinene chilungamo, bambo anawagwira mankhwalawa ngati chipembedzo. Tsiku la kiliniki likakwana ankalawirira mbandakucha, kabuku kawo ka kuchipatala atakakulunga m'jumbo. Shuga wa mu tiyi anamusiya, ngakhale ankadandaula kuti tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira mbale. Nkhondo inali pa nsima basi, ndipo imeneyo sinathe mpaka lero. Pa mzere wa kiliniki paja sanali okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga. Amene amaganiza kuti ndi matenda a mabwana a ku Area 10 ku Lilongwe akafike pa benchi ya kiliniki tsiku lina, akaone zigamba za m'mawondo.

Vuto la mapazi linayamba mwakachetechete. Poyamba ankangoti kuphazi kukuyenda tinthu ngati nyerere. Kenako kunayamba kuotcha. Mu Juni, kuzizira kwa ku Kasungu kuja kumene ngakhale galu safuna kuchoka pa phulusa, bambo ankagona atatulutsa mapazi kunja kwa bulangete. "Ndikumva ngati ndaponda makala," ankatero. Masana zinkasintha, mapazi omwewo ankachita dzanzi moti patapata ankatha kuvuka iwo nkumapitirira osadziwa. Tsiku lina mdzukulu wawo ndi amene anaona munga utalowa kuchidendene, malo atatupa kale, eni ake asakumva kanthu. Kuchipatala anawauza kuti shuga akakhalitsa m'thupi amawononga mitsempha imene imatithandiza kumva kukhudza ndi kupweteka, kuyambira kumapazi. Zinali zoona. Koma munthu amene sakugona tulo safuna kumva dzina la vuto lake lokha, amafuna wina amuuze kuti litha.

Amene anawauza kuti litha anali alamu.

Ine sindinalipo, koma amayi anandifotokozera zonse mwatsatanetsatane. Akuti alamu anafika Loweruka masana, patangotha masiku ochepa ndalama ya fodya italowa. Anakhala chapatali monga mkamwini wamwambo, chipewa atavula, nkutulutsa mabotolo atatu okongola. "Bambo," anatero, "mankhwala a kuchipatalawa ndi makemikolo, amangogonetsa matenda. Awa ndi mavitamini achilengedwe. Amalowa m'magazi nkukachotsa matenda ndi mizu yomwe." Anawaonetsanso pa foni mavidiyo a anthu opereka umboni, mayi wina akuvina kuti shuga wake anatha, mkulu wina akutaya ndodo. Bambo anangoti, "Mwachita bwino, apongozi, kutikumbukira." Mpongozi sakanidwa pamaso. Komanso wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo bambo anali atamva m'mapazi kwa chaka chathunthu. Anapereka ndalama yokwana pafupifupi theka la belo.

Alamu anga sindikufuna kuwaipitsa. Si mbava. Iwo eni anali atalowetsa ndalama zawo m'bizinesi imeneyi, ya mtundu uja woti ukakopa anzako kuti nawonso azigulitsa umakwera udindo, ndipo zimene ankanenazo ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Sananenenso kuti bambo asiye metformin. Mawu awo anali akuti, "Pang'onopang'ono muona nokha kuti enawo simukuwafunanso." Kwa munthu wotopa ndi mapiritsi, mawu amenewa ndi chilolezo chokwanira. Patatha masabata awiri bambo anaona okha.

Ndinapita kumudzi mu Ogasiti sukulu zitatsekera. Ndinawapeza atakhala pakhonde, thalauza atamanga ndi luzi chifukwa lamba anali atatha mabowo, pambali pawo pali chigubu cha madzi. Ndinatulutsa kamakina koyezera shuga kamene ndinawagulira kalekale, kamene kankangokhala m'kabati chifukwa timapepala take ndi todula. Kanawerenga 412. Munthu wopanda matendawa akayezedwa m'mawa asanadye, nambala imakhala pansi pa 100, ndipo ikamafika 126 kapena kuposa pa miyezo iwiri yosiyana, achipatala amati ameneyo ndi shuga. Ndinabwereza ndi chala china poganiza kuti makina asokonekera. Sanasokonekere. Mapiritsi a metformin a miyezi itatu ndinawapeza m'chitini cha bisiketi pamwamba pa kabati, osatsegula nkomwe. Ku kiliniki ankapitabe, mankhwala ankalandira, kungoti ankafikira m'chitinimo.

Zimene ndinalankhula tsiku limenelo sindingazilembe pano. Amayi anachita kundikokera kukhitchini nkundikumbutsa kuti amenewo ndi bambo anga.

M'mawa mwake tinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita kuchipatala, mabotolo aja ndili nawo m'chikwama ngati umboni wa kukhoti. Ndinkayembekezera kuti adokotala akawakalipira, ndipo mumtima ndinkafuna zitatero. Tinapeza mnyamata wamng'ono kwa ine, wofatsa, amene anatenga botolo lililonse nkuwerenga timalemba take tonse mosathamanga. Atatha anawafunsa bambo ntchito imene amagwira.

"Ndimalima fodya."

"Nanga bambo, fodya wanu akagwidwa ndi nsabwe, mumathira feteleza?"

Bambo anaseka koyamba m'masiku awiri. "Feteleza sapha nsabwe, adokotala. Timapopera."

"Nanga masamba akayamba chikasu chifukwa nthaka yaguga, mumapopera?"

"Ayi, pamenepo ndiye pofunika CAN."

"Basitu. M'mabotolomu muli feteleza. Inu mwasiya kupopera."

Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, koma sindinaonepo phunziro likulowa m'mutu mwa munthu msanga chotero. Mnyamatayo anafotokozanso zina pang'ono. Anati nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo kuti shugayo achoke m'magazi nkulowa m'minofu momwe amagwira ntchito, pamafunika insulin, amene amapangidwa ndi kapamba. Mwa anthu ngati bambo, insulin amakhalapo koma thupi silimumvera bwino, ndipo m'kupita kwa zaka kapamba amayamba kutopa. Metformin amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri m'magazi, komanso amathandiza kuti thupi lizimvera insulin amene alipoyo. Palibe vitamini amene amagwira ntchito imeneyo.

Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi ndikulemba mokondwa kuti mavitamini ndi bodza, alamu analakwa, ine ndinakhoza. Koma mnyamata uja sanatilole kutuluka. Anawauza bambo kuti atulutse lilime. Anawayang'ana m'zikope ndi m'manja. Anafunsa kuti metformin amwa zaka zingati, ndiponso kuti nyama, mazira kapena nsomba amadya kangati pa mwezi. Amayi ndi amene anayankha funso lachiwirili, mwamanyazi pang'ono, chifukwa kwathu nkhuku imafa pakabwera mlendo, ndipo mazira amasiyidwa kuti aswe. Lilime la bambo linali lofiira, losalala ngati lasendedwa, ndipo anavomera kuti ndiwo za tsabola zinali zitayamba kuwawawa. Adokotala anati akukayikira kuti m'thupi mwawo mwachepa vitamini B12.

Ndinamva ngati wina wandiseka. Miyezi itatu ya mavitamini odula, nkupezeka kuti munthuyo akusowa vitamini?

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene anthu ambiri a shuga sauzidwa. Vitamini B12 amafunika popanga magazi ndiponso posamalira mitsempha. Thupi limafuna wochepa zedi, mamaikulogalamu 2.4 patsiku kwa munthu wamkulu, kanthu kosaoneka ndi maso. Koma amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha: chiwindi, nyama, nsomba, mazira, mkaka. M'bonongwe mulibe, m'nyemba mulibe, mu nsima ndiye musanene. Kuti alowe m'magazi amayenera kugwirana kaye ndi chinthu china chimene chimapangidwa m'chifu, kenako nkukayamwidwa kumapeto kwa matumbo aang'ono. Munthu akamakalamba njira imeneyi imayamba kufooka payokha. Ndiye metformin, ngakhale ndi mankhwala abwino, akamwedwa zaka zambiri amachepetsa kayamwidwe ka B12 m'matumbomo. Zimenezi si mphekesera za pa WhatsApp, madokotala akhala akuzidziwa kwa zaka zambiri, moti bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti amene akhalitsa pa metformin aziyezedwa B12 nthawi ndi nthawi, makamaka ngati magazi awachepera kapena mapazi ayamba dzanzi.

Chimene chimapusitsa nchakuti chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo. Nkhokwe imatha pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa. Ikadzatha, zizindikiro zake, dzanzi, kuotcha kwa mapazi, kufooka, zimafanana ndendende ndi za shuga amene wawononga mitsempha. Ndiye aliyense amangoti ndi shuga yemweyo, nkhani nkuthera pomwepo. Bambo anali ndi zonse zitatu pamodzi: ukalamba, zaka 8 za metformin, ndi mbale imene nyama imaonekamo pa Khirisimasi.

Kuti titsimikize tinapita ku Lilongwe kukayezetsa magazi, ulendo umene unadya ndalama yochepa kuyerekeza ndi mabotolo aja. B12 anapezekadi wotsika kwambiri. Nanga bwanji mabotolo sanathandize? Titawerenganso bwino, limodzi linali la vitamini C ndi zinki, lina la vitamini D, lachitatu linali losakaniza zinthu zambirimbiri, ndipo B12 analimo wongolawitsa, wokwanira munthu amene matumbo ake akuyamwa bwino. Kwa munthu amene nkhokwe yake yatheratu pamafunika jakisoni kapena mapiritsi a mlingo waukulu, ngati mamaikulogalamu 1,000. Ndi bwinonso kudziwa kuti si mapiritsi onse olembedwa kuti B complex amene ali ndi B12, ena mulibiretu. Palinso msampha wina: mapiritsi a folic acid, amene timawadziwa ngati owonjezera magazi, amatha kukonza kuchepa kwa magazi kobwera ndi vutoli pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka mobisika.

Bambo anabayidwa majakisoni angapo motsatizana, kenako apo ndi apo, ndipo metformin anayambiranso tsiku lomwe lija la kuchipatala, atawawonjezera mankhwala ena kuti shuga atsike. Funso loyamba limene ndinafunsa linali lakuti, ngati metformin ndi amene akudya vitamini, bwanji osangomusiya? Yankho linali lachidule. B12 amabwezeretsedwa mosavuta ndiponso motchipa. Impso, maso kapena mwendo zikapita ndi shuga, sizibwerera.

Pofika nthawi yowokera fodya anali atasintha. Lilime linapola, mphamvu zinabwerera, lamba anayambanso kugwira. Mapazi anasintha pang'ono chabe. Kuotcha kwa usiku kunachepa moti tsopano amagona, koma dzanzi la zala lilipobe. Mbali ina inali ya vitamini, ndipo inamva mankhwala. Mbali ina ndi ya shuga wa zaka zonsezi, kuphatikizapo miyezi itatu ya chitini cha bisiketi ija.

Nditabwerera ku boma ndinayamba kuwerenga ngati ndikukonzekera mayeso, makamaka pofuna zida zokamenyera alamu. Botolo la vitamini D ndi limene ankalitamanda kwambiri, amvekere azungu atulukira kuti limateteza ku shuga. Pali kachoonadi pamene panayambira nkhaniyi: ofufuza anaona kuti anthu amene ali ndi vitamini D wochepa m'magazi amapezeka ndi shuga kawirikawiri. Koma zinthu ziwiri kuyendera limodzi sikutanthauza kuti china chikubala chinzake. Ndiye ku America anayesa mwadongosolo. Anatenga anthu 2,423 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Theka ankamwa mayunitsi 4,000 a vitamini D tsiku lililonse, theka linalo ankamwa mapiritsi opanda mankhwala, onse osadziwa kuti akumwa ati. Zotsatira zinatuluka mu 2019. Patatha zaka pafupifupi ziwiri ndi theka, mwa omwa vitamini 293 anadwala shuga, mwa enawo 323. Kusiyanako kunali kochepa moti ofufuzawo sanathe kunena motsimikiza kuti ndi vitamini wachititsa. Ambiri mwa anthuwo sanali osowa vitamini D poyamba pomwe. Ndipo zindikirani kuti apa ankayesa kupewa matenda mwa anthu amene sanadwale. Kuchiza munthu amene makina akuwerenga 412 ndi nkhani ina. Komanso vitamini D khungu lathu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa, ndiye kugulitsa botolo lake kwa mlimi wa ku Santhe amene amaswera m'munda mu Okutobala kumafuna kulimba mtima ndithu.

Bungwe la American Diabetes Association lija limanena mosabisa kuti kwa munthu wa shuga amene sakusowa vitamini kapena mchere wina m'thupi, palibe umboni woti kumwa zowonjezerazi kumathandiza, ndipo sililimbikitsa zinthu ngati sinamoni kapena aloe vera kuti ndi zotsitsira shuga. Ndimalikumbukira nthawi zonse ndikaona ufa wa chammwamba ukugulitsidwa m'timabotolo pa depoti. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, thyolani masamba ake muphike, mtengo uli kuseri kwa bafa. Koma ndiwo ndi ndiwo.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi mbali ya kuvulaza. Tonsefe timaganiza kuti vitamini akachuluka amangotuluka ndi mkodzo. Ena amaterodi, koma si onse. Vitamini B6 akamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha, nkubweretsa dzanzi ndi kuotcha komweko kumene munthu akuthawa. Chonsecho ndi vitamini yemweyo amene achipatala amapereka dala, pa mlingo woyenera, kwa anthu amene akumwa isoniazid wa TB, chifukwa mankhwala amenewo amamuchepetsa m'thupi. Chinthu chimodzi, kwa wina mankhwala, kwa wina chiphe. Niacin, amene ndi vitamini B3, pa mlingo waukulu amakweza shuga m'magazi. Vitamini A ndi D amasungidwa m'thupi, ndipo akaunjikana amadwalitsa. Ku Canada anayesapo kupereka mavitamini a gulu la B a mlingo waukulu kwa anthu 238 amene shuga anali atawawonongera kale impso, poganiza kuti awateteza. Zimene anasindikiza mu 2010 zinaonetsa kuti impso za omwa mavitaminiwo zinafooka msanga kuposa za anzawo. Mlimi aliyense amadziwa chimene chimachitika ukathira feteleza wambiri pa phando limodzi.

Mawu akuti "achilengedwe" ndiwo amagulitsa malonda amenewa, ndiye ndinaseka ndekha nditapeza kumene metformin anachokera. Muzu wake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, chimene asing'anga akumeneko ankachigwiritsa ntchito kalekale. Asayansi anapeza chimene chimatsitsa shuga m'chitsambacho, anaona kuti mmene chilili chimavulaza, nkupanga chofanana nacho chosaopsa. Dokotala wina wa ku Paris, Jean Sterne, ndi amene anayamba kuchigwiritsa ntchito pa odwala shuga mu 1957. Kunena kwina, makemikolo amene alamu ankawanyoza aja ndi mdzukulu wa mankhwala azitsamba, kungoti anapita kusukulu. Mbali inayi, shuga wa m'paketi amene timagula m'golosale muno m'Malawi amathiridwa vitamini A pofuna kuteteza ana ndi amayi. Ndi ndondomeko yabwino. Koma ngati mawu oti "muli vitamini" akanakhala okwanira, bwenzi odwala shuga tikuwapatsa shuga ndi supuni.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene munthu wanzeru ngati bambo, amene wogula fodya sangawabere pa sikelo, anagwera m'mbuna yosaya chonchi. Ndikuona kuti ife tinazolowera matenda okhala ndi mapeto. Malungo umamwa LA masiku atatu, wadzuka. Chilonda chimapola. Ngakhale TB ili ndi mwezi wake womaliza. Tsono munthu akauzidwa kuti mapiritsi awa mudzamwa mpaka kalekale, mumtima amamva kuti achipatala alephera, ndipo amayamba kutchera khutu kwa aliyense wonena kuti iye sanalephere. Amene amamwa ma ARV anaphunzira kale kukhala mwamtendere ndi mankhwala a moyo wonse, ndipo ali ndi magulu olimbikitsana. Wa shuga wa kumudzi nthawi zambiri amakhala yekha ndi chitini chake. Chinanso ndi nthawi. Pa kiliniki mzere umakhala wautali, ndipo wachipatala ngakhale atafuna sangacheze ndi aliyense ola lathunthu. Wogulitsa mabotolo amakhala pakhonde panu mpaka dzuwa kupendeka, amafunsa za ana, amadya nanu nsima, mawa lake nkuimbanso foni kufunsa mmene mwadzukira. Bambo anagula mavitamini, inde, koma ndikuganiza kuti anagulanso kufunsidwa kumeneko. Ineyo mwana wawo ndinkaimba kamodzi pa mwezi.

Ndi alamu tinakumana pa chinkhoswe cha msuweni wathu. Mwayi wake chilamu chimalola kunena zowawa uku mukuseka.

"Alamu, mwatsala pang'ono kutipha ndi chikondi," ndinatero.

"Aaa, alamu, inu aphunzitsi mumakhulupirira za m'mabuku zokha. Anthu akuchira."

Ndinatulutsa botolo limodzi m'chikwama nkuwaonetsa timalemba ta Chingerezi tam'munsi, tating'ono ngati nyerere, timene timanena kuti katunduyu sanapangidwe kuti apime, achize kapena ateteze matenda alionse. Eni ake opanga analemba okha. Alamu anawerenga kawiri, nkunena kuti zimenezo amangolemba chifukwa cha malamulo. Ndinati eya, malamulo ake ndi oletsa kunama. Ndinawauzanso kuti m'dziko muno muli bungwe la boma loona za mankhwala, la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ngati akufuna tingapite limodzi kukafunsa ngati botolo lawolo analivomereza kuti ndi mankhwala a shuga. Anaseka, nkusintha nkhani kuyamba za mpira. Sanavomere kulakwa, ndipo sindinkayembekezera kuti avomera pagulu. Koma mng'ono wanga anandiuza kuti masiku ano akamagulitsa amayamba ndi mawu oti, "Mankhwala a kuchipatala musasiye." Bizinesiyo akuti yayamba kuzilala, popeza onse amene akanawakopa anawakopa kale.

Kumudzi zinthu zasintha m'njira zosachititsa chidwi. Amayi anabwerera ku mgaiwa, ufa woyera amasungira alendo. Mitanda ya bambo inachoka pa inayi kufika pa iwiri, atakangana kwa mwezi, ndipo malo otsalawo amadzaza ndi nkhwani, chisoso, kholowa kapena therere, zambiri zotendera. Usipa kapena matemba zimapezeka kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo pa ndalama imene ndimatumiza ndinachita kunena kuti iyi ndi ya nsomba, isapite ku feteleza. Mazira awiri pa sabata amalandidwa kwa nkhuku, amayi akudandaula. Magwafa ndi mapapaya amadya chipatso chenichenicho, pang'ono, osati majuwisi a m'botolo. Thobwa lothira shuga analeka, ngakhale pa maliro ndimamva kuti amabera. Zakudya za magulu 6 zimene alangizi a zaumoyo akhala akuimba nyimbo zaka zonsezi, zija tinkaziona ngati za amayi a kusikelo, ndi zimene zili m'mbale mwawo tsopano.

Madzulo alionse mdzukulu uja anapeza munga ali ndi ntchito yake. Amatenga tochi ya pafoni nkuyang'ana mapazi a agogo ake, pansi, kuchidendene ndi pakati pa zala, ngati pali chilonda kapena chotupa. Amalipidwa ndi mtedza wokazinga. Kumunda bambo sapitanso opanda nsapato, ndipo asanavale amazigwedeza kaye, chifukwa mwala kapena chinkhanira chitakhalamo sangachimve. M'kabuku ka kuchipatala, pa tsamba lomaliza, mnyamata uja analemba ndi bolopeni yofiira kuti B12 aziyezedwanso, kuti aliyense wodzawaona pambuyo pake adziwe.

Mwezi wathawu ndinawapeza kudimba akukonza mabedi a nazale. Atakhala pansi kuti apume, anapisa m'thumba la jekete nkutulutsa limodzi la mabotolo aja, la vitamini D, chizindikiro chake chitayamba kufufuma ndi thukuta. Mtima wanga unagunda.

"Bambo, mwayambiranso?"

Anatsegula nkundionetsa. Munali mbewu ya fodya, tinjere tating'ono ngati fumbi tija.

"Chivundikiro chake nchabwino," anatero. "Simulowa chinyezi. Ukawauze apongozi kuti ngati ali ndi ena opanda kanthu anditumizire."